Kuchokera Kumapiri Kukakwera Ilala: Kodi Tikabwerako ndi Matenda?

Kukacha bwino chifunga chitayera, ukaima pamtunda m'mapiri a Ntchisi n'kuponya maso kum'mawa, nyanja imaoneka ili waliwali ngati lata latsopano. Ambirife kuno kwa Kasakula tinakula tikuionera patali choncho. Chimene chinkatifika ndi usipa wa m'dengu basi. Masiku ano amayi a Mvano, makwaya, aphunzitsi ndi ana awo asukulu, ngakhalenso banja limene soya waliyendera bwino chaka chimenecho, amatha kusonkherana n'kutsetserekera ku Nkhotakota kuti akakwere Ilala, akaone Likoma ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija. Ine ndimalakalaka mwana aliyense wakumapiri kuno atakwerako ngakhale kamodzi. Koma chipitireni Covid-19 ndi kolera, nkhani ya sitima ikangoyamba pabwalo sipalephera wina wodandaula kuti opitawo akatitengera matenda. Manthawo ali ndi pogwira, kungoti nthawi zambiri amaloza kolakwika. Safunsa anadya phula, ndiye tiyeni tifunse.

Kodi n'zoona kuti sitima zapamadzi ndi zisa za matenda, monga tinkamvera pa wailesi?

Imene inamveka dziko lonse ndi Diamond Princess. Mu Febuluwale 2020 sitima imeneyi inaimitsidwa padoko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu 3,711, okwera ndi ogwira ntchito pamodzi. Bambo wina wachikulire amene anali atatsikira kale ku Hong Kong anapezeka ndi Covid-19, ndipo akuluakulu a zaumoyo analamula kuti okwera onse abindikire m'tizipinda tawo kwa milungu iwiri. Pamapeto pake anthu 712 anapezeka ndi kachilomboko, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, ndipo osachepera 13 anamwalira.

Komabe sitima sibala matenda. Nthenda imakwera ndi munthu. Chimene sitima imachita ndi kusonkhanitsa anthu ochokera kosiyanasiyana, kuwadyetsa malo amodzi, kuwagwiritsa zitseko ndi zitsulo za pamasitepe zomwezo, n'kuwasunga choncho masiku angapo popanda kolowera. Zoterezi si zachilendo kwa ife. Maliro ogonera masiku atatu, msonkhano wamisasa, sukulu yogonera komweko, zonsezi zimafalitsa chimfine ndi kutsegula m'mimba m'njira yomweyo.

Palinso china chimene chimaipitsa mbiri ya sitima: izo zimawerenga odwala ake. Ku America, bungwe la CDC lakhala likuyendera ukhondo wa m'sitima zikuluzikulu kuyambira 1975, ndipo anthu atatu pa 100 alionse akangodwala m'mimba paulendo umodzi, nkhaniyo imalengezedwa poyera. Malo ogona alendo kapena phwando laukwati anthu angadwale chimodzimodzi, koma amabalalika aliyense kwawo, osawerengedwa ndi wina aliyense.

Nanga Ilala yathuyi ikufanana bwanji ndi zimphona zimenezo?

Pang'ono chabe. Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, anailumikiza kunyanja konkuno, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. M'litali ndi mamita pafupifupi 52, pomwe Diamond Princess ndi mamita 290. Zimphona zija n'zotsekeka ngati hotela, mpweya wake umayendetsedwa ndi makina. Pamwamba pa Ilala ndi pamtetete, mphepo ya panyanja imangodutsa, ndipo kwa matenda oyenda mumpweya palibe mlonda woposa mphepo yoteroyo.

Pansi ndiye pali nkhani ina. Kumeneko, kwa tikiti yotsika mtengo, ndi kumene ambirife tingakwanitse, ndipo anthu amagona mothithikana pakati pa matumba a chimanga, madengu a nsomba, njinga ndi malata. Muyeneranso kudziwa kuti Ilala si sitima ya tchuthi chabe. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, imeneyi ndiyo basi yawo. Paulendo wake wa mlungu ndi mlungu pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, doko lililonse ena amatsika, ena amakwera: amalonda, ana asukulu, operekeza maliro, enanso akupita kuchipatala kumtunda. Ndiye amene mwagona naye pafupi usiku uno si amene mudzagone naye mawa.

Ngati thumba likulola, gulani tikiti ya pamwamba, makamaka ya agogo ndi ya aliyense wodwaladwala. Ingotengani bulangete chifukwa usiku kumazizira. Ngati silikulola, pansi pomwepo funani malo oyandikira pomwe mphepo ikulowera.

Pa matenda onse, woyenera kumuopa kwambiri ndi uti?

Kolera. Sindikunena izi chifukwa chakuti ndi amene amagwira anthu ambiri paulendo, ayi, koma chifukwa chakuti akagwira sapereka nthawi. Munthu wamphamvu zake amene anadya nsima m'mawa akhoza kutsirizika dzuwa lisanalowe.

Tonse tikukumbukira mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, mphepo zamkuntho za Ana ndi Gombe zitangowononga zitsime ndi zimbudzi kum'mwera. Unakwera ndi gombe la nyanja, unavuta kwambiri ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, kenako unafika m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo, ndipo mu Febuluwale 2023 anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona mu Lilongwe. Anthu oposa 59,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Taonani bwino manambala awiriwo: pafupifupi atatu pa odwala 100 alionse anatisiya, chonsecho kolera akathandizidwa msanga sayenera kupha ngakhale mmodzi pa 100. Ambiri mwa amene tinawaika m'manda anafika mochedwa kuchipatala, ena sanafike n'komwe. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mankhwala ake oyamba ndi madzi, shuga ndi mchere.

Kolera sayenda mumpweya. Kukhala pafupi ndi wodwala, ngakhale kumugwira dzanja pomudzutsa, sikupatsira pakokha. Tizilombo take timatuluka ndi chimbudzi ndi masanzi, n'kulowa mkamwa mwa wina kudzera m'madzi akumwa, m'chakudya, m'manja osasamba, kapena pa miyendo ya ntchentche. Ambiri amene ali nato sadwala n'komwe, koma amatitulutsabe kwa masiku angapo. Kugombe vuto limakula chifukwa dothi ndi lamchenga, zimbudzi zimagumuka msanga, asodzi amachezera pamadzi, ndipo nyanja yomweyo ndi imene anthu amatungamo, kuchapamo ndi kutsukiramo mbale. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera mbee, mpaka mchenga wapansi kuonekera, ndipo wochokera kumapiri amakopeka kuti atape ndi manja amwe. Musatero.

Zizindikiro zake muziloweze: chimbudzi chamadzimadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri ndiponso pafupipafupi, nthawi zambiri m'mimba musakupweteka n'komwe, kusanza, ludzu losatha, maso kulowa, minofu ya miyendo kukokana, khungu ukalitsina osabwerera msanga. Mukaona zimenezi musadikire doko. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, wodwala azimwa pang'onopang'ono osalekeza, ngakhale akusanza. Thanzi akasowa, thirani mu lita imodziyo masupuni aang'ono 6 a shuga osachita mulu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Nthawi yomweyo wina athamange akauze ogwira ntchito m'sitima, kuti adziwe pomutsitsira wodwalayo.

Gulu lililonse linyamule mapaketi a Thanzi okwanira, zigubu zakezake za madzi, ndi botolo la WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo. Mukathira mankhwalawo dikirani mphindi 30 musanamwe. Katemera wakumwa wa kolera akafika m'dera lanu landirani, koma iye amangothandizira. Salowa m'malo mwa madzi abwino.

Ndikayamba kusanza m'sitima, ndidziwa bwanji ngati ndi mafunde chabe?

Kwa ife osazolowera madzi, kusanza kwa mafunde n'kosapeweka kwenikweni, makamaka miyezi ya Juni mpaka Ogasiti pomwe mwera umawomba kuchokera kum'mwera nyanja n'kukwiya. Kumayamba ndi chizungulire, malovu kudzadza mkamwa ndi thukuta lozizira. Kumachepa ukatuluka kukapuma mphepo n'kuyang'ana patali pomwe madzi akumana ndi thambo, ndipo kumatheratu ukaponda mtunda. Sikubwera ndi kutsegula m'mimba, sikutenthetsa thupi, sikupatsirana.

Kusanza kukabwera pamodzi ndi kutsegula m'mimba, kapena kukapitirira nyanja ili bata, ganizani za matenda. M'sitima zikuluzikulu zakunja, amene amavutitsa kwambiri ndi kachilombo kotchedwa norovirus, dzina lochokera ku tauni ya Norwalk ku Ohio kumene kanadwalitsa ana asukulu mu 1968. Kuno kaliponso, kungoti timangoti m'mimba mwandisokonekera. Kamayamba pakati pa maola 12 ndi 48 munthu atakatenga, kamavutitsa tsiku limodzi mpaka atatu, kenako kamatha kokha. Kuopsa kwake ndi kufala: kochepetsetsa kokha n'kokwanira kudwalitsa munthu, ndipo kamakhala masiku ambiri pa chitseko kapena pa mpopi. Wina akasanza pansi, wopukuta avale jumbo m'manja, athire klorini, ndipo ana asayandikire.

Tili ndi sanitaiza wotsala wa nthawi ya Covid-19. Sakwanira?

Sakwanira. Amathandiza pa chimfine ndi Covid-19, koma norovirus samva sanitaiza kwenikweni, ndipo m'manja mukakhala dothi kapena mafuta a nsomba mankhwalawo sagwira ntchito bwino. Sopo ndi madzi othira ndiye mwini nkhani. Aliyense akhale ndi kachidutswa kake ka sopo m'thumba, chifukwa pamalo odutsa anthu mazanamazana sopo wa onse sachedwa kutha.

Apa ndikhudzeko mwambo wathu. Beseni limodzi loyendetsa kuyambira kwa akulu mpaka kwa mwana wotsiriza ndi ulemu, inde, koma wotsirizayo amasamba litsiro la onse. Thiriranani madzi ndi kapu, monga timachitira pa mpondagiya. Ulemu sutayika: wamng'ono agwade, athirire akulu.

Kamba tinyamule wakumudzi, kapena tizigula m'madoko?

Zonse zili ndi poterera pake. Kuno kumapiri nkhuku yophika madzulo imafika mawa masana ili bwinobwino, ndiye timaganiza kuti kunyanja ikachitanso chimodzimodzi. Kugombe kumatentha, ndipo ndiwo yotsekeredwa m'jumbo imasasa pa maola ochepa. Ya nyama ndi mpunga idyeni tsiku lomwelo. Za masiku otsatira zikhale zouma: mtedza ndi chimanga chokazinga, mbatata yootcha, buledi.

M'madoko gulani chimene chikuchoka pamoto inu mukuona, chikadali chotentha, kaya ndi chambo chootcha kaya chinangwa. Nthochi ndi malalanje zili bwino chifukwa mumasenda nokha. Zoti muzilambalale, ngakhale kukhosi kutauma bwanji, ndi mafilizesi, thobwa la m'ndowa yomwera kapu imodzi, ndi madzi a m'timapepala osadziwika kumene atungidwa.

Nanga mnzathu wogona naye pafupi akamatsokomola usiku wonse?

Nthawi zambiri chimakhala chimfine wamba. Chifuwa chachikulu chimafala mumpweya ndithu, koma kawirikawiri chimafuna maola ambiri m'malo otsekeka, ndipo munthu amene wakhala akumwa mankhwala ake mokhulupirika kwa milungu ingapo sapatsiranso ena. Choncho musamunyoze kapena kumuthamangitsa. Mwina ndi wochokera kuchipatala amene akuchira. Sunthirani kumphepo, valani masiki ngati muli nayo, basi.

Pa matenda oyenda mumpweya, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chikuku, chifukwa cha ana. Palibe nthenda yofala msanga ngati imeneyi. Kachilombo kake kamatsala mumpweya mpaka maola awiri wodwala atachokapo. Mu 2010 dziko lino anthu pafupifupi 134,000 anadwala chikuku, ndipo oposa 300 anamwalira. Mwana amabayitsa katemera wake pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Musanalipire tikiti tsegulani kabuku kake ka kusikelo muone ngati onse awiri analembedwa. Khanda losafika miyezi 9 ine sindingalitengere ulendo wongosangalala. Nyanja siithawa, lidzapita likadzakula.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, nyamulani oposa masiku a ulendo, pakuti sitima ikhoza kuchedwa ndi mphepo kapena katundu. Ndipo aliyense agonere chitenje ndi chofunda chake, kuopa mphere.

Tafika kunyanja koyamba m'moyo. Tisasambemo?

Apa ndi pamene mantha athu amaloza kolakwika. Timaopa wotsokomola m'sitima, koma matenda amene wakumapiri amabwera nawo kawirikawiri ndi awiri amene satengedwa kwa mnzako wokhala naye pampando: likodzo ndi malungo.

M'madoko ambiri, kuphatikizapo Nkhotakota, sitima imaponya nangula patali ndipo anthu amatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono, ndiye kuvuula m'madzi mpaka m'mawondo kumachitika ngakhale usakufuna. Tinyongolotsi ta likodzo timachokera mu nkhono zokhala m'madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, pafupi ndi midzi. Timaboola khungu munthu osamva kanthu, timakula m'mitsempha, ndipo magazi mu mkodzo amadzaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, ulendo utaiwalika kale. Makolo ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si kukula kumeneko, ndi chikhodzodzo chimene chikuwonongeka. Kwa amayi ndi atsikana likodzo limatha kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi kunjira ya abambo, mpaka m'banja kuyamba kuganizirana zachiwerewere popanda wolakwa.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu. Koma amapha nyongolotsi zokhwima zokha, choncho kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala. Dikirani milungu yosachepera 8, kenako mukayezetse mkodzo. Kusamba sambani, mwayendera zomwezo, koma sankhani pamchenga poyera pomwe mafunde akumenya, kutali ndi bango ndi pochapira. Ndipo ana muwauze kuti m'nyanja sakodzeramo, chifukwa ndi mmene nkhono zimatengera matendawa.

Udzudzu pakati pa nyanja sitima ikuyenda ndi wochepa. Umaluma pagombe, usiku umene mukudikira sitima mutayala zitenje pamchenga. Kugombe malungo amakhalako chaka chonse, kuposa kuno kozizira. Neti ilowe m'chikwama, ndipo mayi woyembekezera ayambe wafunsa kusikelo asananyamuke.

Mwana wathu ali ku Joni akufuna kutikweza sitima yaikulu ya ku Durban. Kumeneko ndiye kotani?

Sitima za kampani ya MSC zimanyamuka pa Durban miyezi yotentha, kuyambira cha mu Novembala, kupita maulendo a masiku ochepa ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo ndi ku Pomene. Muli kachipatala ndi dokotala, koma n'kolipira, ndipo mtengo wake si wamasewera. Muuzeni mwana wanuyo, amayi, kuti pogula tikiti agulenso inshuwalansi ya paulendo yokhudza matenda. Mukadwala m'mimba amakupemphani kukhala m'kachipinda kanu mpaka patapita tsiku kapena masiku awiri mutasiya, chakudya n'kumakubweretserani komweko. Chakudya cha onse chimaikidwa pa tebulo lalitali, aliyense n'kumadzipakulira ndi chipande chimodzi, ndiye sambani m'manja musanalowe pamzere.

Achinyamata ofuna ntchito m'sitima zoterezi adziwenso kuti ogwira ntchito amagona angapo m'tizipinda tating'ono ta pansi. Pa Diamond Princess okwera atabindikiritsidwa, antchito anapitiriza kuphika ndi kugawa chakudya khomo ndi khomo, ndipo mwa antchito amene anayamba kudwala, ambiri anali a kuchakudya.

Ndasonkha chaka chathunthu, koma m'mawa wa ulendo ndadzuka ndikutsegula m'mimba. Ndingobisa?

Funso limeneli ndi limene lili pamtima pa nkhani yonseyi, ndipo yankho ndi lakuti musakwere. Ndikudziwa kuwawa kwake. Ndalama ya mtedza yapita, yunifolomu yasitidwa kale, anzanu akuimba m'galimoto. Koma munthu mmodzi wotsegula m'mimba, pa zimbudzi zochepa zogwiritsa anthu mazana, kutali ndi chipatala, amaika pangozi moyo wake choyamba, kenako wa mwana wa mnzake.

Pa 19 Malichi 2020 sitima ya Ruby Princess inatsitsa anthu pafupifupi 2,700 mu mzinda wa Sydney zotsatira za ena amene anayezedwa zisanatuluke. Anabalalika Australia yense, ndipo anthu 28 anamwalira. Kwathu kuno, mu Meyi chaka chomwecho, mazana a abale athu obwerera kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre asanamve zotsatira zawo, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Ine sindiwaweruza. Munthu amabisa matenda pamene kuulula kukumuluzitsa, ndipo kumukalipira sikusintha kanthu.

N'chifukwa chake gulu lizimanga mfundo imeneyi tsiku loyamba kusonkha, msungichuma alembe m'kope: amene wadwala pa tsiku la ulendo abwezeredwa ndalama yake, kapena malo ake asungidwa paulendo wotsatira, ngakhale ena atawonjezerapo pang'ono. Musankhenso munthu mmodzi wodekha, wosunga chinsinsi, woti mtsikana wamanyazi kapena bambo wolemekezeka akhoza kumunong'oneza kuti m'mimba simuli bwino, popanda basi yonse kumva.

Tabwerako bwino, palibe wadwala. Ndiye kuti zatha?

Ayi ndithu, dikirani kaye. Kolera amatha kubisala mpaka masiku 5 asanaonekere. Malungo amayamba pakatha mlungu umodzi, nthawi zina itatu kapena inayi. Chikuku chimatenga masiku 10 mpaka 14. Ndipo kuno n'kumene thandizo lili kutali: nthawi yadzinja misewu ya m'mapiri muno imaterera, wa kabaza amakana, ndipo kufika kuchipatala cha boma pa Ntchisi ndi ulendo. Thanzi wotsala paulendo musamutaye. Wina akayamba kutsegula m'mimba, ayambe kumwa pakhomo pomwepo, azimwabe ali panjinga.

Wodwala m'mimba asaphike kumaliro kapena kuchinkhoswe, asatungire banja madzi pamjigo, mpaka patadutsa masiku awiri atachira. Thupi likatentha kayezetseni magazi musanamwe LA. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri kaperekeni makhololo. Mukasowa wofunsa, imbirani Chipatala cha pa Foni.

Ndipo mukafika pamaso pa adokotala, musadikire kuti akufunseni. Iwo akuona munthu wa kwa Kasakula, wakumapiri, ndiye za kunyanja sizingawabwerere msanga m'mutu. Auzeni nokha kuti munali ku Likoma, munakwera sitima, munavuula m'madzi pa Nkhotakota, ndipo munabwera tsiku lakutilakuti. Tsikulo lilembeni pachikuto cha kabuku kanu ka kuchipatala mukangofika kunyumba, n'kuwerenga milungu 8 kutsogolo, mulembenso tsiku lokayezetsa likodzo.